Kuchoka ku Lisbon kupita ku chilumba cha Madeira pa ndege: mmene mungawerengere mtunda ndi nthawi ya ulendo

Tikiti ya ndege yochoka ku Lisbon kupita ku Funchal imalemba ola limodzi ndi mphindi 45, nthawi zina n'kuwonjezerapo mphindi zisanu kapena khumi. Munthu ukaona zimenezi umangoti basi, nkhomaliro ndidyera ku Lisbon, tiyi wamasana ndikamwera pachilumba. Inenso ndinawerengera choncho ulendo wanga woyamba. Ndinakonza zoti masana omwewo ndikazungulire mu msika wa Mercado dos Lavradores, koma pofika ndinapeza zitseko zotseka, akusesa panja. Ndege sinachedwe ayi. Masamu anga ndi amene anali operewera, chifukwa ndinangowerengera nthawi ya m'mwamba yokha. Tsono tiyeni tiwerengere limodzi bwinobwino, kuyambira pa dzina la kumene mukupita.

Yambani ndi kudziwa bwalo la ndege lenileni

Madeira ndi chilumba cha dziko la Portugal, chili m'nyanja ya Atlantic kumwera chakumadzulo kwa Lisbon, ndipo chayandikana kwambiri ndi gombe la Morocco kuposa mmene chayandikirana ndi Lisbon, likulu la Portugal. Mzinda wake waukulu ndi Funchal. Bwalo la ndege silili mu Funchal mwenimweni, lili ku Santa Cruz chakum'mawa, ndipo kuyambira mu 2017 limatchedwa dzina la Cristiano Ronaldo, yemwe anabadwira ku Funchal mu 1985. Choncho malo amodzi omwewo mudzawaona akulembedwa Madeira pena, Funchal pena, Cristiano Ronaldo pena.

Kuti musasokonezeke, gwirani zilembo zitatu zimene bwalo lililonse la ndege lili nazo. La ku Lisbon, lomwe dzina lake ndi Humberto Delgado, ndi LIS. La ku Madeira ndi FNC. Muzilembe pena pake ndipo muzizifufuza pa tikiti musanalipire.

Pali misampha iwiri pano. Porto, OPO, ndi mzinda wa kumpoto kwa Portugal, kumtunda. Porto Santo, PXO, ndi kachilumba kena kapafupi ndi Madeira. Mukalemba "Porto" mothamanga pa foni, mayina onse awiri amatulukira pamodzi, ndipo chala chimaphonya. Komanso musafufuze ndi dzina la Santa Cruz, chifukwa ku zilumba za Canary, za dziko la Spain, kulinso matauni a dzina lomwelo.

Pezani mtunda, ndipo dziwani muyeso umene agwiritsa ntchito

Kuchoka pa LIS kufika pa FNC ndi makilomita pafupifupi 965. Umenewu ndi mtunda wowongoka, ngati mutakoka chingwe pamwamba pa dziko kuchokera pa bwalo lina kufika pa linzake. Kuti muone kukula kwake, ukuposa kutalika kwa dziko lonse la Malawi kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje, ndipo pafupifupi wonsewo ndi madzi okhaokha.

Mukamafufuza pa intaneti mudzapeza manambala atatu osiyana, n'kuyamba kukanda pamutu kuti wonama ndani. Palibe wonama. Amene alemba 965 akuwerenga makilomita. Amene alemba 600 akuwerenga mamailosi a pamtunda, ndipo mailosi imodzi ndi makilomita 1.609. Amene alemba cha m'ma 520 akuwerenga mamailosi a panyanja, amene oyendetsa ndege amagwiritsa ntchito, ndipo imodzi ndi makilomita 1.852. Musanayerekeze manambala awiri, onani kaye ngati muyeso wake ndi umodzi.

Ndege yeniyeni sitsata chingwe chija ndendende. Imanyamuka moyang'ana kumene mphepo ikuchokera, imakhota, imatsata njira zimene oyang'anira mlengalenga aipatsa, ndipo pofika imazungulira kuti iyang'anizane ndi msewu woterapo. Makilomita ena amawonjezekera pamenepo.

Sandutsani mtunda kukhala nthawi

Ndege zimene zimayenda njira imeneyi ndi za mtundu wa Airbus A320 ndi abale ake, kapena Boeing 737. Zikafika pamwamba zimathamanga makilomita 800 mpaka 850 pa ola. Nayi njira yachidule imene ndimagwiritsa ntchito: gawani mtunda ndi 800, kenaka wonjezerani theka la ola.

Tiyeni tiyese. 965 kugawa ndi 800 kukutipatsa 1.2, kutanthauza ola limodzi ndi mphindi 12. Chenjerani apa, 1.2 si ola limodzi ndi mphindi 20. Kagawo ka 0.2 mukachulukitse ndi 60. Tikawonjezera mphindi 30 tikupeza ola limodzi ndi mphindi 42, zomwe zikungofanana ndi zolembedwa pa tikiti. Theka la ola lowonjezeralo ndi la kuyenda pansi kuchoka pa geti kupita ku msewu wonyamukira, kudikira pamzere, kukwera m'mwamba liwiro lisanakwane, ndi kutsika pang'onopang'ono. Nthawi ya pa tikiti imayambira pamene ndege yasuntha pa geti kufikira pamene yaima pa geti ina, osati pamene matayala achoka pansi. N'chifukwa chake woyendetsa akhoza kulengeza kuti tiuluka ola limodzi ndi theka pamene tikiti ikunena zochuluka.

Masamu omwewa amagwiranso pa maulendo ena apafupi. Amene muli ku Britain, kuchoka ku London kupita ku Funchal mwachindunji ndi makilomita pafupifupi 2,500. Gawani ndi 800, wonjezerani theka la ola, mupeza maola atatu ndi mphindi ngati 40, ndipo matikiti ambiri amalemba maola ochepera pang'ono anayi.

Konzani wotchi

Apa Madeira ndi wokoma mtima. Nthawi yake ndi yofanana ndi ya ku Lisbon komanso ya ku London chaka chonse, choncho mukachotsera nthawi yonyamukira pa nthawi yofikira mupeza kutalika kwa ulendo popanda kuwonjezera kapena kuchotsera kanthu. Sizili choncho ndi zilumba zina za Portugal zotchedwa Azores, zomwe zili ola limodzi m'mbuyo. Kumeneko tikiti yopita imaoneka yaifupi ndi ola, yobwerera yaitali ndi ola, pamene ulendo ndi womwewo. Tikiti nthawi zonse imalemba nthawi ya pamalo pamene ndege ikunyamukira ndi ya pamalo pamene ikufikira.

Kwa achibale amene akudikira uthenga ku Lilongwe, Lusaka, Tete kapena Johannesburg, kumbukirani kuti Portugal amasintha wotchi kawiri pa chaka. Kuyambira Lamulungu lomaliza la Malichi mpaka Lamulungu lomaliza la Okutobala, Lisbon ndi Funchal ali ola limodzi m'mbuyo mwa kwathu. Miyezi yotsalayo ali maola awiri m'mbuyo.

Tsopano werengerani kuchoka pakhomo kufika pakhomo

Apa ndi pamene ndinalakwitsa paja. Tengani pepala, mulembe zigawo zonse.

Bwalo la ndege la Lisbon lili mumzinda momwemo, makilomita ngati 7 kuchoka pakati pa tauni. Ngati mwagona cha ku Baixa, pakati pa tauni, kwerani metro (sitima ya pansi pa nthaka) ya mzere wobiriwira, mukatsike pa Alameda, musinthe n'kukwera ya mzere wofiira yomwe imakathera pa Aeroporto. Ndi zikwama, ndi masitepe, ndi kugula khadi pa makina, ikani mphindi 40. Metro imayamba kuyenda 6:30 m'mawa, ndiye ngati ndege yanu ndi ya m'bandakucha, konzeranitu takisi dzulo lake.

Yang'anani pa tikiti ngati mukunyamukira pa Terminal 1 kapena Terminal 2. Metro imakusiyani pa Terminal 1. Ndege zina zotchipa zimanyamukira pa Terminal 2, ndipo kumeneko mumapita pa basi yaulere yomwe imaima panja pa Terminal 1. Basiyo siyenda mtunda wautali, koma pamzere wake mukhoza kutayapo mphindi 15 kapena 20.

Fikani maola awiri ndege isananyamuke. Ena adzakuuzani kuti ola ndi theka likwana poti ndi ulendo wa m'dziko momwemo. Mwina kwa wopanda chikwama chachikulu, koma bwalo la Lisbon ndi lopanikizika, makamaka miyezi ya Julaye ndi Ogasiti, ndipo mzere wa pofufuza katundu suona nkhope.

Mukatera ku Madeira, kutsika ndi kudikira chikwama ikani theka la ola. Kuchoka pabwalo kupita ku Funchal ndi makilomita ngati 20 pa msewu wothamanga wa Via Rápida, womwe umangolowa ndi kutuluka m'mapanga obooledwa m'mapiri. Pa takisi ndi mphindi 20 kapena 25. Pa basi ya Aerobus ndi zochulukirapo, poti imaima m'malo ambiri mpaka kudera la mahotela, ndiye muwonjezerenso nthawi yoidikira.

Phatikizani: mphindi 40, maola awiri, ola ndi mphindi 45, theka la ola, ndi mphindi zina 45 za basi. Zikukwana maola asanu ndi mphindi 40. Ulendo wa "ola ndi mphindi 45" wadya theka la tsiku, zonse zitayenda bwino. Tsiku lofika musaikepo chilichonse cholipiriratu.

Siyani malo a mphepo

Gawo ili ndi limene ndikufuna mulimvetse kuposa onse, chifukwa ndi limene limasiyanitsa Madeira ndi malo ena a mtunda wofanana.

Chilumbachi ndi phiri lotumphuka m'nyanja. M'litali ndi makilomita ngati 57, m'lifupi 22, koma nsonga yake ya Pico Ruivo imafika mamita oposa 1,800. Malo athyathyathya oti n'kumangapo bwalo la ndege kunalibe, ndiye analimanga m'mphepete mwa gombe, mbali ina phiri, mbali ina nyanja. Pamene linatsegulidwa mu 1964, msewu woterapo unali wa mamita 1,600 okha. Mu Novembala 1977 ndege ina inalephera kuima mvula ikugwa, inapitirira msewu n'kugwera kunsi, ndipo anthu 131 anamwalira. Pambuyo pake msewuwo anautalikitsa kawiri, ndipo kuyambira mu 2000 ndi wa mamita 2,781. Mbali yowonjezerayo anaiyala pamwamba pa nsanamira za konkire 180, moti mukamadutsa pa galimoto pansi pake n'kuyang'ana m'mwamba, zimakhala ngati mwalowa m'nkhalango ya mitengo ya simenti.

Kutalika kwa msewu kunatheka, koma mphepo palibe anaikonza. Imabwera kuchokera kumpoto chakum'mawa, imagunda mapiri, n'kutsikira pabwalo ikuzungulira. Pa chifukwa chimenechi bwaloli lili ndi malire okhwima a liwiro la mphepo: ikapitirira pamenepo, ndege siloledwa kutera, kaya woyendetsa ndi katswiri chotani. Oyendetsa amene amaterako amayeneranso kuphunzitsidwa mwapadera.

Kwa inu wokwera, izi zimaoneka motere. Ndege imatsika, chilumba mukuchiona pawindo, nyumba zoyera za madenga ofiirira zitakwera phiri. Imakhota kwambiri, phiko limodzi likuloza madzi. Mwina imatera bwinobwino, anthu n'kuomba m'manja. Mwina, mutatsala pang'ono kugunda pansi, mumamva injini zikubangula, msana n'kukanikizika kumpando, ndege ikukweranso. Musachite mantha, woyendetsa waona kuti mphepo yasintha ndipo akukayesanso. Ndi mmene anawaphunzitsira. Akhoza kuzungulira m'mwamba mphindi 20 kapena 30 kudikira kuti izizire. Ikakana, amapatukira ku Porto Santo, makilomita oposa pang'ono 40, komwe kuli msewu wautali pamalo otseguka, kapena ku zilumba za Canary, kapenanso kubwerera kumtunda. Ine zinandichitikira kamodzi: maola pafupifupi anayi m'ndege, kenaka n'kutsikira pa bwalo lomwe ndinakwerera, thumba la mtedza lili lopanda kanthu, njala ili pamimba. Mayi wina wa pachilumbapo amene tinakhala moyandikana anangokweza mapewa, n'kutulutsa buledi m'chikwama mwake, n'kundinyemerako. Iwo anazolowera, amanyamuliratu kamba.

Sikuti zimachitika tsiku lililonse. Ndege zambiri zimatera pa nthawi yake. Koma mphepo ikavuta imatha kugwira tsiku lathunthu kapena awiri, ndipo ngati ndege sizikutera ndiye kuti palibenso yonyamuka, chifukwa ndege yokutengani inu ndi yomwe ija yalephera kufika. Sitima ya pamadzi yoti muthawirepo tsiku ndi tsiku kupita ku Lisbon kulibe. Imene ilipo ndi Lobo Marinho, yoyenda pakati pa Funchal ndi Porto Santo pafupifupi maola awiri ndi theka, basi.

Tsono chitani izi. Pobwerera, ngati muli ndi ndege yaikulu yokudikirani ku Lisbon, monga ya ku Maputo kapena ina yobwerera kumudzi, chokani pachilumba tsiku limodzi ndege imeneyo isananyamuke, mukagone ku Lisbon. Ndalama ya hotela ya usiku umodzi ndi yochepa poyerekeza ndi kugulanso tikiti ya ku Africa pa kauntala. Popita, ngati mukupitira ukwati kapena msonkhano, fikani dzulo lake. Ndipo sankhani ndege ya m'mawa, kuti ikalephereka pakhale zina za tsiku lomwelo zoti akusamutsireni.

Gulani tikiti moganizira zonsezi

Makampani a TAP Air Portugal, easyJet ndi Ryanair amayenda njira imeneyi, ndipo pa tsiku pamakhala ndege zingapo. Mitengo imakwera kwambiri kumapeto kwa Disembala, pamene anthu amakhamukira ku Funchal kukaonera makombola a usiku wa chaka chatsopano, komanso nthawi ya chikondwerero cha maluwa ndi miyezi yotentha ya kumeneko, monga Julaye ndi Ogasiti. Poyerekeza mitengo, onjezerani ya chikwama, chifukwa tikiti yooneka yotchipa kawirikawiri imangolola kachikwama kolowa pansi pa mpando.

Ngati mukuchokera kutali ndipo Lisbon ndi pongodutsira, yesetsani kuti ulendo wonse ukhale pa tikiti imodzi. Pamenepo ndege yoyamba ikachedwa, ndi udindo wa kampani kukuikani pa ina, ndipo chikwama chimapita chokha mpaka ku FNC. Mukagula matikiti awiri osiyana, muyenera kutenga chikwama, kutuluka, kukachiperekanso, kudutsanso pofufuza, ndipo mukaphonya ndege yachiwiri mlandu ndi wanu. Zikatero siyani maola osachepera anayi pakati.

Dziwaninso ufulu wanu. Lamulo la European Union nambala 261 la 2004 limati pa ulendo wosapitirira makilomita 1,500, ngati uno, mukafika mochedwa ndi maola atatu kapena kuposa mukhoza kulandira chipepeso cha mayuro 250. Koma chipepesocho chimaperekedwa ngati vuto ndi la kampani, ndipo mphepo si vuto la kampani. Chimene sichichoka, ngakhale itakhala mphepo, ndi udindo wokusamalirani: chakudya mukadikira maola awiri kapena kuposa, malo ogona ngati mwagonera, ndi kusankha pakati pa ndege ina kapena kubwezeredwa ndalama ngati ulendo walephereka. Tsiku la chipwirikiti mzere wa pa kauntala umatalika mpaka panja, ndiye mukadzilipirira nokha hotela kapena chakudya, sungani malisiti onse.

Mapepala

Madeira ali m'dera la Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya amene amagwiritsa ntchito viza imodzi, chimodzimodzi Portugal yense, ndipo ndalama yake ndi yuro. Amene ali ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa amafunika viza ya Schengen, yomwe imalola masiku osapitirira 90 m'kati mwa masiku 180, ndipo popempha amafuna inshulansi ya zaumoyo yofika mayuro 30,000. Chilolezo chokhalira ku Britain sichilowa m'malo mwa viza imeneyi. Masiku amene mukupempha pa viza muphatikizemo tsiku lija la mphepo. Musakonze zotuluka tsiku lenileni limene viza ikutha.

A zolowa ndi kutuluka mudzakumana nawo pamalo oyamba pamene mwalowera mu Schengen, monga ku Lisbon, ndipo mzere wa mapasipoti a mayiko akunja ukhoza kudya ola. Pakati pa Lisbon ndi Funchal sadindanso, koma pasipoti amaiona pa geti, ndiye isalowe m'chikwama chachikulu.

Tsiku la ulendo

Musanachoke pogona, tsegulani tsamba la bwalo la ndege la Madeira muone ngati ndege za m'mawa zatera. Mawu ake ndi ochepa: "Chegadas" ndi zofika, "Partidas" ndi zonyamuka, "Atrasado" ndi yochedwa, "Cancelado" ndi yolephereka. Mukaona "Cancelado" atandandalikana, dziwani kuti kunja kwavuta. Pitanibe ku bwalo pokhapokha kampani itakuuzani kuti musapite, chifukwa mphepo imatha kuleka mwadzidzidzi, ndipo amene sanabwere amamuwerenga kuti waphonya yekha.

M'kachikwama ka m'manja ikani mankhwala anu, chaja ya foni, malaya amodzi osinthira, mswachi ndi kamba pang'ono. Zamadzimadzi zikhale m'timabotolo tosapitirira mamililita 100. Botolo la madzi lilowe lopanda kanthu, mukadzaze mukadutsa pofufuza. Pitani kuchimbudzi ndege isanayambe kutsika, poti lamba akangoti mangani, mwina mukhala naye nthawi yaitali kuposa mmene mumaganizira.

Amene akukuchingamirani ku Funchal muwapatse nambala ya ndege, osati nthawi yokha, ndipo muwauze kuti asanyamuke kunyumba mpaka ataona kuti yatera. Kuchoka ku Funchal kufika pabwalo ndi mphindi 20 zokha, adzakupezani mukudikirabe chikwama.